Akuti sukulu yadzaza, mwana wanga alowera kuti?

  Makalata anu ndikulandira ndipo ndikuthokoza. Sabata ino ndasankha imodzi yochokera kumalire ku Mchinji chifukwa nkhani yake ikukhudza makolo ambiri ndipo siyofunika kuigoneka. Tamvani.

Zikomo Amayi,

Ndine mayi wa zaka 26, ndili pabanja ndipo tili ndi ana awiri. Kwathu ndi kufupi ndi Kachebere kuno ku Mchinji. Kwa zaka zinayi takhala tili ku Zambia, chakufupi ndi Chipata, komwe amuna anga amagwira ntchito pa famu ya fodya. Ntchito itatha tidabwerera kumudzi kumapeto kwa Seputembala, sukulu zitatsekulira kale.

Mwana wathu woyamba ndi wamkazi, adakwanitsa zaka 7 mu Juni. Nditapita naye pa sukulu ya pafupi, aphunzitsi aakulu adandiuza kuti Sitandade 1 idadzaza, ana akuchita kukhalirana pamiyendo, ndiye ndidzabwere chaka chamawa. Mayi wina yemwe adali pomwepo adaonjezera kuti mwanayo ngwamng'ono thupi, sadafike poyamba sukulu. Ndidapita pa sukulu yachiwiri, yomwe ili patali ndithu, nakonso yankho lidali lomwelo. Kumeneko adandifunsanso chiphaso cha kubadwa chomwe ine ndilibe. Chomwe ndili nacho ndi buku la kusikelo basi.

Amuna anga akuti ndisavutike, mwana akhale kaye pakhomo azindithandiza kulera khanda, chaka chimodzi si kanthu. Apongozi akuti timutumize kwa alamu anga kutsidya kuti akayambe Giredi 1 mu Januwale. Mnzanga wina akuti ndingotenga nkhuku kapena kangachepe n'kukaonana ndi aphunzitsi kuseri, malo apezeka. Nkhaniyi yatiyambanitsa m'nyumba moti masiku ena sitiyankhulana. Mwana naye m'mawa uliwonse amakaima pamsewu kuonerera anzake akupita ku sukulu, kenako amadzandifunsa kuti iye adalakwa chiyani. Ine sukulu ndidalekeza Sitandade 6 ndipo sindikufuna kuti mwana wanga adzakhale ngati ine. Ndithandizeni, nditani?

Mayi wosweka mtima,
Kachebere, Mchinji.

Mwanangu,

Pepani kwambiri. Funso la mwana wanu lija landigwira pamtima inenso. Mukamuuze lero lomwe kuti palibe chomwe adalakwa. Ndikuyamikireninso chifukwa simudangokhala pansi n'kugwira tsaya. Mwayenda sukulu ziwiri, mwalemba kalata. Tsono pukutani misozi, mangani chitenje, chifukwa mawu oti "malo adatha" si pothera nkhani.

Tiyambe ndi zomwe malamulo akunena, kuti mukamapita kukapempha mudziwe kuti simukupempha chifundo chokha ayi. Malamulo aakulu a dziko lino, mu gawo 25, amanena kuti munthu aliyense ali ndi ufulu wa maphunziro. Lamulo la maphunziro la chaka cha 2013 lidapitiriza pamenepo. Lidati maphunziro a pulayimale m'sukulu za boma ndi aulere komanso ndi okakamiza kwa mwana aliyense wosafika zaka 18. Taganizani bwino. Ngati boma likukakamiza inu makolo kutumiza mwana ku sukulu, ndiye kuti nalonso lili ndi udindo womupezera pokhala. Msinkhu woyambira Sitandade 1 kuno kwathu ndi zaka 6. Wanuyo ali ndi 7, kutanthauza kuti wachedwa kale ndi chaka chimodzi. Akadikiranso ayamba ali ndi zaka 8.

Komabe sindikufuna kuti mukawaone aphunzitsi aakulu ngati mdani. Akamati kalasi yadzaza sakunama. Vutoli lidayamba kale. Mu 1994, boma la a Bakili Muluzi litachotsa fizi ku pulayimale, ana a sukulu adachuluka kuchoka pa 1.9 miliyoni kufika cha m'ma 3 miliyoni m'chaka chimodzi. Chidali chinthu chabwino zedi, ana a anthu osauka adaona mkati mwa kalasi. Koma zipinda, madesiki, zimbudzi ndi nyumba za aphunzitsi sizidachuluke mofanana, ndipo mpaka lero tikuthamangitsabe. Boma limafuna kuti mphunzitsi mmodzi azikhala ndi ana 60, koma si zachilendo kupeza Sitandade 1 ili ndi ana oposa 100, ena ali pansi pa mtengo, bolodi atalitsamiritsa pa thunthu. Ine monga namwino ndikudziwa kuipa kwa kuthithikana. Chimfine, mphere ndi zipere zimayenda msanga, ndipo zimbudzi zikachepa matenda otsekula m'mimba sachedwa. Ndiye mphunzitsi wamkulu akamadandaula, mumvetseni. Chomwe sitingavomere n'chakuti mankhwala a vutoli akhale kubweza mwana kunyumba. Kuchipatala wodi ikadzaza tinkayala matiresi pansi. Mayi wobwera ndi matenda a uchembere sitinkamuuza kuti adzabwere chaka chamawa.

Tsopano za thupi laling'ono. Nkhani imeneyi ndimaidziwa bwino chifukwa idandichitikira. M'masiku athu ankatiuza kuti tidutsitse dzanja pamwamba pa mutu n'kugwira khutu la mbali inayo. Ukalephera, bwerera. Ine ndidali kamwana kowonda, dzanja silidafike, ndipo ndidabwezedwa ndikulira. M'mawa mwake malemu bambo anga adavala jekete lawo la ku tchalitchi, adatenga kalata yanga ya ubatizo, n'kundigwira dzanja mpaka ku ofesi. Sadakalipe. Adangoika kalatayo patebulo n'kukhala pansi mpaka dzina langa litalembedwa. Pakadapanda jekete limenelo, mwina bwenzi unamwino ndidangoumvera kwa anzanga.

Nditayamba ntchito m'pamene ndidamvetsa kuti kuyeza zaka ndi maso kapena ndi khutu n'kulakwira ana. Kafukufuku wa boma wa zaumoyo wa 2015 mpaka 2016 adapeza kuti ana 37 mwa 100 alionse osafika zaka 5 m'dziko muno adali opinimbira. Mwana wopinimbira amaoneka wa zaka 5 pomwe ali ndi 7. Tikamubweza chifukwa cha msinkhu, tamulanga kawiri: njala idamulanga kale, ifenso tamumana sukulu. Umboni wa zaka ndi pepala. Buku la kusikelo lomwe muli nalolo lili ndi tsiku lobadwa lolembedwa ndi azaumoyo, ndipo ndi umboni wabwino. Kalata ya ubatizo nayonso imathandiza, chimodzimodzi kalata ya a mfumu. Chiphaso cha kubadwa n'chofunika ndithu, ndipo mukayambe kuchitsata ku ofesi ya kalembera ya NRB pa boma ku Mchinji, mutatenga ziphaso zanu za unzika ndi buku la mwanalo. Koma mwana asakhale pakhomo podikira chiphaso. Pemphani kuti alembedwe kaye, chiphasocho chidzamupeza ali m'kalasi. Ndikupempheninso kuti mukamuonetse kwa alangizi a zaumoyo kapena ku chipatala cha pafupi, akamuyeze sikelo, akaone ngati magazi ali okwanira ndiponso ngati alibe njoka za m'mimba. Kuchepa thupi kwina kumachizika.

Ndiyankhuleko ndi amuna anu, ndipo muwapatse nyuziyi awerenge okha. Bambo, mwati chaka chimodzi si kanthu. Tiyeni tiwerengere limodzi. Pulayimale ndi zaka 8. Mwana woyamba ndi zaka 6, osabwereza, amalemba mayeso a Sitandade 8 ali ndi zaka 13 kapena 14. Wanuyu akayamba ndi zaka 8, n'kubwereza kalasi imodzi kapena ziwiri monga zimachitikira ana ambiri, adzatha msinkhu ali Sitandade 4 kapena 5. Adzakhala namwali pakati pa tiana, anzake akumuseka, anyamata a pa tawuni ndi a kabaza atayamba kumuimitsa panjira. Pamenepo m'pomwe atsikana ambiri amasiyira sukulu.

Sindikunena zongomva. Pa chipatala china chakumudzi komwe ndidagwirapo ntchito, usiku wina adabwera naye mtsikana wa zaka 15 ali pa ngolo, mwana atakanika kubadwa chifukwa chiuno chidali chisadakhwime. Tidamutumiza ku chipatala chachikulu, iye adapulumuka koma khanda lidapita padera. Atachira ndidamufunsa za sukulu. Adati adalekeza Sitandade 4. Adayamba ali ndi zaka 10, chifukwa chaka choyamba adamubweza kuti ngwamng'ono, chaka chachiwiri amalera mng'ono wake, chaka chachitatu palibe yemwe adakumbukira. Palibe kholo lomwe lidakhala pansi n'kunena kuti mwanayu asaphunzire. Ankangoti chaka chamawa. Lero malamulo athu, kuyambira pomwe adasinthidwa mu 2017, salola ukwati wa mwana wosafika zaka 18, koma mpanda weniweni wotchinjiriza mtsikana ndi kalasi. Ndipo mwana wa zaka 7 si mlezi. Iyenso akufunika kuleredwa. Khanda ndi la inu awiri.

Bambo, ulendo wotsatirawu mupite nawo. Akazi anu ayenda okha kawiri konse. Makolo akafika awiri, odekha, atanyamula mapepala, nkhani imamveka mosiyana. Musatume munthu, kandimverere adakanena za m'maluwa.

Za kutsidya. Apongozi anu sakulakwa kuganiza choncho, chifukwa kwa anthu a ku Kachebere malire ndi mzere chabe. Achewa ndi Angoni a mbali zonse ziwiri ndi amodzi, maliro ndi maukwati timayenderana, ndipo Chinyanja cha ku Chipata mwana wanu amachimva. N'zoona kuti ku Zambia chaka cha sukulu chimayamba mu Januwale pomwe kuno timayamba mu Seputembala, ndiponso kuti kuyambira 2022 boma la a Hakainde Hichilema lidachotsa fizi m'sukulu zake. Koma dziwani kuti chifukwa cha zomwezo makalasi a kumeneko nawonso adadzaza. Chachiwiri, silabasi ndi mayeso n'zosiyana. Mwana akadzabwerera kuno pakati pa ulendo adzafunika kalata ya transifa, ndipo nthawi zina amabwezedwa kalasi. Chachitatu, chomwe chikundidetsa nkhawa kwambiri, mwana wa zaka 7 akufunika maso a mayi ake. Alamu anu akhoza kukhala munthu wabwino, koma ndaona ana ambiri otumizidwa kwa achibale "kukaphunzira" akusanduka otunga madzi ndi otsuka mbale. Njira imeneyi muisunge kumapeto, zina zonse zikakanika, ndipo ikhale yoti nonse awiri mwagwirizana, mapepala a mwana ali m'malo.

Za nkhuku ndi kangachepe, ayi mwanangu. Chimenecho ndi chiphuphu, ndipo pamlandu wa ziphuphu wopereka ndi wolandira onse amagwidwa. Mukhoza kumuchotsetsa ntchito mphunzitsi yemwe sadakupempheni kanthu. Komanso mukagula malo omwe ndi ufulu wa mwana wanu, mwakweza mtengo kwa mayi wamasiye yemwe alibe nkhuku. Ngati wina atakuuzani poyera kuti mupereke ndalama kuti mwana alembedwe, funsani kuti ndi ya chiyani ndipo mufune lisiti. Yunifolomu nayo isakuopseni. Kuyambira 1994 mfundo ya boma ndi yoti mwana asabwezedwe chifukwa chosowa yunifolomu. Adzavala kadiresi kake kochapa bwino mpaka mudzapeze.

Nanga muyende bwanji? Nawa makwerero ake, ndipo musadumphe.

Choyamba, bwererani kwa aphunzitsi aakulu a sukulu ya pafupi ija. Musapite nthawi ya asembule kapena pomwe ali pakati pa makolo ena, munthu savomera kusintha mawu pagulu. Pitani ana akaweruka, kapena pemphani tsiku loti muonane nawo. Mukalowa perekani moni, khalani pansi, fotokozani kuti mudachedwa chifukwa mudali kunja kwa dziko, si mphwayi. Kenako funsani mafunso awa mwaulemu: Kodi pali ana omwe adalembetsa koma sakubwera? Kodi dzina la mwanayu lingalembedwe kuti malo akapezeka akhale woyamba? Kodi mungatilembere kakalata kopita nako kwa a PEA? Funso loyambalo n'lofunika. M'masabata oyamba kaundula amadzaza, koma mvula ikayamba, ntchito ya kumunda ikagundika, mabanja ena akasamukira m'maesiteti, ana amachepa m'kalasi. Ndi zomvetsa chisoni, koma aphunzitsi amazidziwa.

Musapite chimanjamanja, mutenge kalata. Mawu a pakamwa amauluka, pepala limakhala mu faelo. Lembani ziwiri zofanana, imodzi musiye, inayo apake chidindo kapena asayine kuti alandira, muisunge. Isakhale yaitali. Mukhoza kulemba motere:

"Kwa Aphunzitsi Aakulu. Ife makolo a mwana (dzina lake), wobadwa pa (tsiku, mwezi, chaka), a m'mudzi mwa (dzina la mudzi), tikupempha kuti mwana wathu alembedwe mu Sitandade 1 teremu ino. Tidachedwa kulembetsa chifukwa tidali ku Zambia pa ntchito ndipo tabwera kumapeto kwa Seputembala. Mwanayu ali ndi zaka 7 monga likuonetsera buku lake la kusikelo. Sukulu ino ndiyo ili pafupi ndi kwathu. Tidafunsanso pa sukulu ina koma adatiuza kuti malo palibe. Tikulonjeza kuti mwanayu sazijomba ndipo ife tizitenga nawo mbali pa chitukuko cha sukulu. Ngati simungathe kumulandira, tikupempha kuti mutilembere chifukwa chake kuti tikafunse thandizo kwa a PEA. Ife makolo, (maina ndi nambala ya foni)."

Mwaona? Mulibe chipongwe, mulibe kuopseza, koma muli zonse.

Chachiwiri, ngati zakanika, onanani ndi wapampando wa komiti yoyendetsa sukulu komanso wa komiti ya makolo ndi aphunzitsi, ija timati PTA. Amenewa ndi anthu a m'midzi yanu yomweyo. Musaiwale amayi a Mother Group, omwe ntchito yawo yeniyeni ndi kuonetsetsa kuti atsikana ali pa sukulu. Akamva kuti pali mtsikana wa zaka 7 akungokhala pakhomo, nkhaniyo aitenga ngati yawo. A mfumu anunso auzeni. Mafumu ambiri masiku ano ali ndi malamulo a m'mudzi olipiritsa makolo osatumiza ana ku sukulu, ndiye sangakane kukuperekezani kapena kukulemberani kalata. Ngati sukuluyo eni ake ndi a mpingo, monga zilili sukulu zambiri za Akatolika ndi za CCAP zomwe aphunzitsi ake amalipidwa ndi boma, mukhoza kukagogodanso kwa bambo mfumu a parishi kapena kwa abusa. Dera lanulo mbiri yake ndi ya maphunziro. Ansembe a White Fathers adafika ku Kachebere mu 1903, ndipo seminale yaikulu yomwe idatsekulidwa mu 1939 yaphunzitsa ansembe ndi maepiskopi a ku Malawi ndi ku Zambia komwe. N'zosamveka kuti mwana wobadwira m'tsinde mwa phiri limenelo alephere kuphunzira a, e, i, o, u.

Chachitatu, pitani kwa a PEA. Ameneyu ndi mlangizi wa maphunziro a pulayimale yemwe amayang'anira sukulu zonse za mu zoni yanu, ndipo ofesi yake imakhala pa TDC. Funsani mphunzitsi aliyense akulozerani. A PEA ndiwo amadziwa chiwerengero cha ana pa sukulu iliyonse, ndipo angathe kuyankhula ndi aphunzitsi aakulu kapena kukulozerani sukulu ina yomwe mwana angafikeko. Nkhani zambiri zotere zimathera pamenepa. Tengani kalata yanu ija, buku la kusikelo, ndi mwana yemwe.

Chachinayi, ngati nakonso sizidayende, kwerani galimoto kapena kabaza mpaka pa boma ku Mchinji, ku ofesi ya maphunziro ya khonsolo, yomwe ambirife tidazolowera kuitchula kuti kwa a DEM. Pa boma pomwepo pali ofesi yoona za chisamaliro cha anthu, yomwe ili ndi alangizi oteteza ana, komanso ofesi ya a DC. Pamwamba pa onsewa pali ofesi ya Ombudsman, yomwe imamva madandaulo a anthu omwe sadathandizidwe bwino ndi maofesi a boma ndipo silipiritsa, ndi bungwe la Malawi Human Rights Commission. Ndikukhulupirira kuti simudzafika kumeneko, koma ndi bwino kudziwa kuti msewu ulipo. Paliponse pomwe mwapita, lembani m'kope tsiku, udindo wa yemwe mwaonana naye, ndi zomwe wanena. Ndipo musalole kuti masabata azingodutsa. Mukauzidwa kuti "tiona", funsani kuti "ndibwere liti?" Mukapatsidwa Lachinayi, Lachinayi mufike.

Chenjezo limodzi: pakamwa. Musakayambe kulalata pa ofesi, musakanyoze aphunzitsi pa chitsime, musathamangire kuika dzina la munthu pa WhatsApp kapena Facebook. Mwana wanu akhala pa sukulu imeneyo zaka 8, ndipo khanda lili kumsanalo lidzapitanso komweko. Ukayenda siya phazi, ukasiya mlomo udzakupeza.

Bwanji a PEA akati malo alipo koma pa sukulu ya patali? Musavomere kapena kukana muli pa mpando. Kayendeni njirayo nokha ndi mwanayo, m'mawa, pa liwiro lake. Onani ngati pali mtsinje kapena dambo lomwe limadzaza nthawi ya dzinja, ngati adutsa pa msewu waukulu womwe pamathamanga malole opita ku chipata cha Mwami, ndiponso ngati pali ana okulirapo a m'mudzi mwanu oti aziyenda nawo. Mtsikana wamng'ono asamayende yekha m'njira za m'tchire. Ngati njira ili yotheka, landirani malowo, mwana ayambe, uku dzina lake likudikirabe pa sukulu ya pafupi. Kusamutsa mwana yemwe ali kale m'kaundula n'kosavuta kusiyana ndi kulembetsa wongochokera pakhomo. Ndipo asachoke m'nyumba ndi njala. Kaphala ka mgaiwa kothira nsinjiro, poti mtedza ku Mchinji ndiye kwawo, kapena mbatata yotsala dzulo, zimamusunga mwana mpaka kuweruka. Mwana wanjala amagona m'kalasi, aphunzitsi n'kumati ngwaulesi.

Podikira zonsezi, asamangoima pamsewu. Mwati mudalekeza Sitandade 6. Ndiye kuti mumatha kuwerenga ndi kulemba, ndipo zimenezo n'zokwanira kumuyambitsa. Tsiku lililonse patulani ka nthawi kochepa, khanda likagona. Alembe malembo pa mchenga ndi kamtengo, awerengere nyemba kapena zitsekerero za mabotolo mpaka 20, aphunzire kulemba dzina lake, muzimuuza nthano iye n'kumabwereza. Madzulo akhale ndi mnzake wa Sitandade 1 aone zomwe aphunzira tsikulo. Mukatero, tsiku lomwe adzalowe m'kalasi sadzakhala mlendo. Ku sukulu ya mkombaphala msinkhu wake wapitirira, koma khandalo likadzafika zaka 3 mudzalipititse, ndipo likadzayandikira zaka 6 mudzafunse masiku olembetsa sukulu isadatsekulire.

Pomaliza ndiyankhule ndi makolo nonse a m'deralo ndi kwina konse komwe sukulu zadzaza. Mayiyu akapeza malo, vuto silidathe, chaka chamawa lidzagwera wina. Ndikukhulupirira kuti m'midzi yozungulira muli ana ena omwe adabwezedwa makolo awo n'kungokhala chete. Awerengeni, lembani maina ndi zaka zawo, mupite nawo limodzi kwa a mfumu ndi ku komiti. Dzina limodzi amatha kuliiwala, maina 15 amaitanitsa msonkhano. Pamsonkhanopo pali zinthu zoti mukambirane. Sukulu zina zidathana ndi vutoli pogawa ana kuti ena azilowa m'mawa, ena chakumasana, chipinda chimodzi n'kugwira ntchito kawiri. Kwina makolo adamanga chisakasa cholimba choti ana aziphunziramo podikira buloko. Kwina mpingo udabwereketsa tchalitchi pakati pa sabata. Pempho la buloko yatsopano kapena la sukulu yaing'ono ya makalasi oyambirira pafupi ndi mudzi limadzera ku komiti ya chitukuko ya VDC, kupita ku ADC, mpaka ku khonsolo. Khansala wanu ndi phungu wanu afunseni za thumba la chitukuko la CDF. Inu mukonzeke kututa mchenga, miyala ndi madzi. Mutu umodzi susenza denga. Ndipo abambo, misonkhano ya sukulu si ya amayi okha.

Kwa aphunzitsi aakulu omwe mukuwerenga, ndikudziwa mtolo womwe mwasenza, ndipo ambiri a inu mukugwira ntchito yoposa malipiro anu. Pempho langa ndi limodzi. Kalasi ikadzaza, musangoti "chaka chamawa". Lembani dzina la mwanayo, muwauze a PEA, muwalozere makolo koyenera kupita. Kholo losaphunzira likamva mawu anu limaona ngati ndi lamulo, limabwerera osadzabweranso.

Mwanangu wa ku Kachebere, usiku uno khalani pansi ndi amuna anu, ana atagona, mukambirane popanda kulozana zala. Onse awiri mumamukonda mwanayu, mwangosiyana poona kutalika kwa chaka. Lolemba m'mawa mulembe kalata ija. Mukadzandilemberenso kundiuza momwe mwayendera, ndipo tsiku lomwe adzabwere ndi kope lake loyamba lochongedwa, mudzandiuze kuti wakhoza zingati.

Sabata yamawa tidzayankha bambo wina yemwe akudandaula kuti mwana wake wa miyezi 9 akukana phala. Pitirizani kulemba, maina anu sitiulula. Mulungu akudalitseni nonse, tionane Lamulungu likubwerali.

Ndine wanu,
Namwino wopuma.